Mpira Umadula Ngati Nkhwangwa, Gofu Amadya Ngati Chiswe

Funso: Ndine bambo wa zaka 48. Kwathu ndi ku Ulongwe, koma ndimagwira ntchito ku Moatize yoyendetsa chigalimoto chonyamula malasha. Mpira wamiyendo ndinauyamba ndili mwana, ndipo mpaka chaka chatha ndinkasewerabe ndi madoda anzanga Lamlungu lililonse. Ndinasiya bondo lakumanzere litayamba kutupa. Anzanga ena akuntchito amene amakasewera gofu ku Blantyre anandiuza kuti awa ndi masewera opanda ngozi, ndipo mmodzi anandigulitsa ndodo zake zakale. Papita milungu isanu ndikumenya timipira pabwalo louma kuseri kwa nyumba zathu, mwina 150 madzulo aliwonse ndikaweruka. Ndimamenyera kumanja. Tsopano msana ukupweteka cha m'munsi mbali yakumanja, ndipo chigongono chakumanzere chafika poti kunyamula ketulo ndi nkhondo. Zaka zonse za mpira msana sunandivutepo. Kodi gofu ndi woopsa kuposa mpira? Ndisiye?

Yankho: Musasiye, bambo, koma ndodozo zipume kaye kwa milungu iwiri kapena itatu. Anzanuwo sanakunamizeni, anangokuuzani theka la nkhani. Pa ola lililonse limene munthu wasewera, mpira wamiyendo umavulaza anthu ambiri kuposa gofu, ndipo kuvulala kwake kumakhala kwakukulu. Kusiyana kuli pa kavulazidwe. Mpira umadula ngati nkhwangwa: mumadziwa tsiku lake, mphindi yake, ndi amene anakupondani. Gofu amadya ngati chiswe, malo amodzi omwewo, mbali imodzi yomweyo, mpaka tsiku lina ketulo ikukanikani. Zimene mwafotokozazi, msana wam'munsi ndi chigongono, ndi malo awiri amene osewera gofu wongosangalala amadandaula nawo kwambiri padziko lonse. Mwangowapeza msanga chifukwa cha kuchuluka kwa timipira, kuuma kwa nthaka ya kwanuko, ndi mtundu wa ntchito imene mumagwira.

Tiyambe ndi masamu, pakuti vuto lanu lagona pamenepo. Munthu wophunzira kumene amamaliza gemu imodzi ya gofu, yomwe ndi maenje 18, atamenya kampira pafupifupi ka 100. Mwa maulendo amenewa, oposa 30 ndi ongokankha kampira pang'ono pafupi ndi dzenje, ena 15 kapena 20 ndi ongonyamutsa pafupi. Omenya ndi mphamvu zonse amatsala 40 kapena 50 basi, ndipo amwazikana m'maola anayi, pakati pake munthu akuyenda ndi kupuma. Inu mukumenya 150 mu ola limodzi, onse ndi mphamvu, mutaima malo amodzi. Ndiye kuti madzulo aliwonse mwakhala mukupatsa msana wanu ntchito ya magemu atatu, masiku otsatizana, kwa milungu isanu. Akanakhala mpira, palibe mdala angavomere kusewera magemu atatu tsiku lililonse.

Zimene zikuchitika kumsana

Kuchokera pamene ndodo yanyamuka mpaka pamene yakhudza kampira pamapita sekondi imodzi yokha, ndipo kutsika kwa ndodo kumatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondiyo. M'kanthawi kameneka mutu wa ndodo yaitali ija, driver, umafika pa liwiro la makilomita 140 kapena 150 pa ola kwa bambo wamba, ndipo akatswiri amapitirira 180. Liwiro limeneli limachokera m'thupi, ndipo thupi lomwelo liyenera kuliletsa. Ochita kafukufuku anayeza kupanikizika kwa msana wam'munsi pomenya kampira ndipo anapeza kuti kumafika pafupifupi kasanu ndi katatu kulemera kwa thupi la munthuyo. Pothamanga, phazi likamaponda pansi, mwendo umalandira kawiri kapena katatu kulemera kwa thupi. Kupanikizika kwa gofu kumatha m'kuphethira kwa diso, n'chifukwa chake kumenya kamodzi sikuvulaza. Kubwereza ka 150 ndi nkhani ina.

Msana wam'munsi uli ndi mafupa asanu, ndipo sanapangidwe kuti azipotoka. Onse pamodzi amatembenuka madigiri 10 mpaka 15 okha. Malo otembenukira enieni ndi awiri: mfundo za m'chiuno pamene ntchafu zalumikizana ndi thupi, ndi msana wam'mwamba pamene pali nthiti. Wosewera wabwino akamakweza ndodo, mapewa ake amatembenuka pafupifupi madigiri 90 ndipo chiuno pafupifupi 45. Tsono ganizirani thupi la munthu amene wakhala pampando wa chigalimoto shifiti yonse, likugwedezeka. Chiuno chauma, msana wam'mwamba wapindikira kutsogolo, minofu ya m'matako yagona. Akagwira ndodo n'kufuna kutembenuka monga waonera pa kanema, malo awiri aja amakana, ndipo ntchito yonse imagwera mafupa asanu aja. Kwa womenyera kumanja, thupi limapindikira kumanja pamene ndodo ikutsika, nthawi yomweyo likupotoka, ndiye timfundo tating'ono takumbuyo kwa msana ndi minofu ya mbali yakumanja n'zimene zimafinyika. Ululu wanu uli pamalo pake penipeni.

Mungafunse kuti nanga anthu a ku Angónia amene amagwira khasu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, bwanji sathyoka? Ambiri msana umawapweteka ndithu. Komabe khasu limatsika kutsogolo kwa munthu, mapazi amasuntha, ndipo wolima akatopa amasintha dzanja lotsogola. Gofu alibe kusintha dzanja. Mapazi amakhala okhomerera pansi, ndipo thupi limapotokera mbali imodzi moyo wonse.

Dziyeseni motere. Khalani pampando wolimba, mawondo ogundana, mpini wa khasu mutaupingasa pachifuwa manja atapingasana pamwamba pake. Tembenukirani kumanja osasuntha matako, kenako kumanzere. Mbali iliyonse mpini uyenera kufika pafupifupi madigiri 45, theka la ngodya ya nyumba. Ukalephera, kapena mbali imodzi ikachepa kwambiri, mwapeza pamene payambira vuto.

Pa kamenyedwe, konzani zinthu izi mukadzabwerera. Phazi lakumanzere lisayang'ane kutsogolo ndendende, litembenuzireni kunja madigiri 20 kapena 30 cha kumene kampira kakupita. Lolani chidendene chakumanzere chinyamuke pang'ono pokweza ndodo, kuti chiuno chitembenuke pamodzi ndi mapewa. Ndodo isafike kuseri kwa khosi, ikafika manja ali pa msinkhu wa phewa yakwana. Pomaliza muime chilili pa mwendo wakumanzere, lamba atayang'ana kumene mwamenyera. Kumaliza mutapindikira chagada ngati uta kumaoneka bwino pachithunzi, koma ndiko kumadya msana.

Chigongono ndi dzanja

Apa ndiye nthaka ya ku Moatize ikulowa m'nkhani. Ndodo zachitsulo zimapangidwa kuti zimenye kampira kenako zidule kapinga ndi dothi lofewa. Pabwalo la gofu lothiriridwa, dothi limagonja. Pabwalo louma la m'chigwa cha Zambezi m'chilimwe, dothi lili ngati njerwa yootcha. Wophunzira amamenya pansi kampira asanakakhudze nthawi zambiri, ndodo imaima mwadzidzidzi, ndipo kugunda konse kumakwera m'manja mpaka m'chigongono.

Gwirani kafupa kotuluka kunja kwa chigongono chakumanzere. Pamenepo pamamangirira mitsempha ya minofu imene imakweza dzanja ndi zala. Wongolani mkono, chikhatho chiyang'ane pansi, wina akanikize pamwamba pa dzanja lanu inu mukulimbana naye kulikweza. Ululu ukabaya pa kafupa kaja, ndi matenda amene madokotala anawapatsa dzina la osewera tenisi. Chodabwitsa n'chakuti mwa osewera gofu wamba, amenewa ndiwo ofala kuposa a mkati mwa chigongono amene ali ndi dzina la gofu. Amagwiranso amisiri a matabwa, omanga nyumba ndi amakaniko. Mtsemphawo sunaduke. Wangolandira ntchito yoposa imene ungathe kudzikonza, ndipo ulusi wake wayamba kusokonekera. Mtsempha sulandira magazi ambiri ngati mnofu, choncho umachira mochedwa: milungu 6 mpaka 12 mukausamala, miyezi yambiri mukaukakamiza.

Kupuma kokha sikuchiza. Chimene chimathandiza ndi kuupatsa katundu wochepa mwadongosolo. Tengani botolo la madzi la lita imodzi, lomwe ndi kilogalamu imodzi. Ikani mkono patebulo, dzanja lilendewere kumapeto, chikhatho chiyang'ane pansi. Kwezani dzanjalo mothandizidwa ndi dzanja linalo, kenako litsitseni lokha pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4. Chitani ka 15, pumani mphindi imodzi, bwerezani katatu, kamodzi pa tsiku. Kaululu kochepa n'kololedwa, bola kakhale katatha pofika m'mawa. Botolo likapepuka, thiranimo mchenga. Lita imodzi ikakhala yolemera poyamba, yambani ndi theka. Ponyamula zinthu m'nyumba, chikhatho chiziyang'ana kumwamba, muona kuti ketulo ija ikunyamulika. Kalamba komanga pamkono zala ziwiri kunsi kwa chigongono kamachepetsa ululu pogwira ntchito, ngakhale sikachiza.

Onaninso ndodo zimene munagulazo. Labala wa pogwirira akatha n'kuyamba kuterera, dzanja limafinya mwamphamvu mosadziwa, ndipo kufinya kumeneko ndiko kumatopetsa mtsempha uja. Labalayu amasinthidwa, mungauze anzanu akugulireni ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Mukadikira, mutsukeni ndi sopo ndi burashi. Ndodo za thunthu lachitsulo lolimba, zopangira anyamata amphamvu, zimatumiza kugunda kwambiri m'manja kuposa za graphite. Ndipo pabwalo loumalo kampira kazikhala pa kachikhomo kake kaja, tee, ngakhale mukumenya ndi ndodo yachitsulo. Kuyala kapeti wopyapyala pa simenti n'kudzinamiza, pansi pake mpolimba chimodzimodzi. Malo a mchenga wosalala ndi abwinoko.

Pali kuvulala kwina kwa dzanja kumene tikufuna mukudziwe ngakhale simunakutchule. M'chikhatho, mbali ya chala chaching'ono, muli kafupa kokhala ndi kangowe, pamene pamatsamira mapeto a ndodo. Ndodo ikagunda mwala kapena muzu, kangowe kameneka kamatha kuthyoka m'dzanja lakumanzere. Munthu amamva ululu pofinya, nthawi zina dzanzi m'zala ziwiri zomaliza. X-ray wamba nthawi zambiri sakaonetsa, pamafunika CT scan kapena kujambula mwapadera. Ambiri amakhala miyezi akuti ndi kubinya chabe. Zikadzakuchitikirani, muuzeni dokotala momveka kuti ululu unayamba ndodo itagunda pansi.

Nthiti nazonso zimang'aluka mwa ophunzira amene amamenya timipira tambiri, kawirikawiri mbali yakumanzere cha kumsana, ndipo zimapweteka pokhosomola kapena popuma mokoka. Katswiri wa gofu Rory McIlroy zinamuchitikira mu Januwale 2017. Komatu munthu yemweyu ndiye chitsanzo chabwino cha funso lanu. Mu Julayi 2015 anaduka mtsempha wa kakolo akusewera mpira wamiyendo ndi anzake, ndipo analephera kukateteza chikho cha The Open ku St Andrews. Gofu anamung'alula nthiti patapita masiku ambiri akumenya timipira, pomwe mpira unamugwetsa madzulo amodzi.

Bondo lija

Musaiwale chimene chinakusiyitsani mpira. Kwa womenyera kumanja, bondo lakumanzere ndilo limalandira thupi lonse pomaliza, likupotoka phazi litakhazikika. Tiger Woods anapambana US Open ya 2008 mtsempha wa mkati mwa bondo lakumanzere utaduka ndiponso fupa la msongolo litang'aluka, ndipo anachitidwa opaleshoni mpikisano utangotha. Msana wake nawo unachitidwa maopaleshoni angapo mpaka mu Epulo 2017 pamene anamulumikiza mafupa awiri a m'munsi. Anabwerera n'kupambana Masters mu 2019, koma iye ali ndi madokotala amene inu ndi ife tilibe. Bondo lotupatupa mwa munthu wa zaka 48 amene wasewera mpira moyo wonse kawirikawiri limakhala ndi nyamakazi yakutha kwa mafupa kapena kachichereŵechereŵe kong'ambika mkati. Gofu ndi wabwino kwa bondo lotere kuposa mpira, chifukwa mulibe kulumpha, kutembenuka mothamanga kapena kupondedwa. Kutembenuzira phazi kunja kuja kumalipeputsanso. Musavale nsapato za mpira zokhala ndi mano, zimagwira nthaka bondo n'kupotoka lokha. Likamatupa mukasewera, likamakhoma osawongoka, kapena likamagwa lokha poyenda, likaonedwe kuchipatala musanapitirize.

Kuyerekeza ndi masewera ena

Wosewera mpira wapamwamba amathamanga makilomita 10 kapena kuposa m'mphindi 90, ndipo mtima umagunda pafupi ndi mapeto ake nthawi yaitali. Kuvulala kofala ndi kubinya kakolo, kung'ambika kwa minofu yakumbuyo kwa ntchafu, kuduka kwa mitsempha ya bondo, ndi kugundana mitu. Mtsempha wa mkati mwa bondo ukaduka n'kusokedwa, munthu amakhala miyezi 9 kapena kuposa asanabwerere m'bwalo. Kwa madoda a Lamlungu, a zaka za m'ma 30 mpaka 50, mtsempha waukulu wakumbuyo kwa chidendene ndi umene umakonda kuduka, munthu n'kutembenuka kufunafuna amene wamumenya pomwe kumbuyo kulibe aliyense. Basiketibolo ndi netibolo zimadya akakolo, mawondo ndi zala chifukwa cha kulumpha ndi kuima mwadzidzidzi, makamaka pa simenti. Kuthamanga mtunda wautali ndiko kufanana ndi gofu m'khalidwe: palibe amakugunda, koma kubwerezabwereza kumatha msongolo, bondo ndi chidendene, ndipo wovulala kawirikawiri ndi amene wawonjezera mtunda mofulumira.

Pa nkhani yolimbitsa mtima, gofu ali pakatikati. Kuyenda maenje 18, monga pa bwalo la Lilongwe Golf Club, ndi makilomita 8 mpaka 10 m'maola anayi kapena kuposerapo. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, ndiye gemu imodzi yoyenda pansi imakwaniritsa zimenezo. Kafukufuku wa ku Karolinska Institutet ku Sweden, wofalitsidwa mu 2008, anaona osewera gofu pafupifupi 300,000 ndipo anapeza kuti imfa pakati pawo zinali zochepa ndi 40 peresenti poyerekeza ndi anthu ena amsinkhu wawo. Ife nambala imeneyi timaitenga mosamala, chifukwa amene amasewera gofu kawirikawiri ndi anthu amene ali kale ndi thanzi loyendera maola anayi. Komabe ikusonyeza kumene phindu lili: m'kuyenda. Kuima malo amodzi n'kumamenya timipira, monga mukuchitira inu, kumakupatsani kuvulala kwa gofu popanda phindu lake. Ndipo ngati ku Blantyre muzipitako kamodzi pa mwezi, mtima wanu ukufunabe kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa mlungu, kapena njinga, imene bondo lanu lingaikonde.

Chikwama chodzaza ndi ndodo 14, zomwe ndi malire a lamulo, pamodzi ndi timipira ndi madzi, chimalemera makilogalamu 10 kapena kuposa. Kuchinyamula paphewa limodzi maola anayi msana ukupweteka kale n'kudzionjezera mavuto. Tengani ndodo 7 zokha, wophunzira safuna zoposa pamenepo, kapena kankhani pa kangolo, kapena lembani wonyamula.

Zoopsa zenizeni za kwanuko

Zimene zingaphe munthu pa gofu si msana. Mzinda wa Tete ndi Moatize ndi malo ena otentha kwambiri m'Mozambique, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Gemu ya mpira imatha m'mphindi 90, koma ya gofu imakusungani padzuwa maola anayi. Imwani theka la lita musanayambe, kenako pafupifupi theka la lita ola lililonse, osadikira ludzu. Mukatuluka thukuta kwambiri, botolo limodzi likhale la madzi amchere ndi shuga aja a kuchipatala, paketi imodzi mu lita imodzi. Popanda paketi, masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Mkodzo ukafiira, mwachedwa kale. Mnzanu akayamba chizungulire, kusanza, kapena kulankhula zosamveka, mugonekeni pamthunzi, mumuvule, mumuthire madzi thupi lonse mukumukupiza, ndipo galimoto ikhale ikubwera. Kusokonezeka mutu padzuwa si kutopa wamba, kumapha. Mowa wa dzulo ndiponso mankhwala ena a BP okodzetsa amafulumizitsa vutoli.

Mvula ikayamba, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mdani ndi mphezi. Munthu woima pabwalo loyera ndiye chinthu chachitali pamalopo, ndipo pansi pa mtengo woima wokha mpoipa kwambiri. Mwa akatswiri a gofu, Lee Trevino inamuomba mu 1975 ali pa mpikisano, Retief Goosen wa ku South Africa inamuomba ali mnyamata, onse anapulumuka mwamwayi. Mukamva bingu, lowani m'nyumba kapena m'galimoto yotseka, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Chachitatu ndi kampira komweko. Kamalemera magalamu osapitirira 45.93 ndipo kukula kwake ndi mamilimita pafupifupi 43, koma kamachoka pa driver ya munthu wamba pa liwiro la makilomita 200 pa ola. Mpira wamiyendo ndi waukulu, umagunda mafupa ozungulira diso. Kampira ka gofu kamakwana m'chibowo cha diso, ndipo nthawi zambiri disolo silipulumuka. Inu mukumenyera kuseri kwa nyumba, kumene ana amadutsa, amayi amapita kukatunga madzi, ndipo tikudziwa kuti ana amakonda kuthamangira kukatola timipira. Pasakhale mwana kutsogolo kwanu ngakhale cham'mbali, pakuti kampira ka wophunzira kamatha kuthawira kumanja mosayembekezeka. Otola adikire mpaka mutamaliza. Yang'ananinso kumbuyo musanakweze ndodo, ana ambiri ovulala mutu pa gofu amamenyedwa ndi ndodo ataima pafupi kuonerera.

Zochita kuyambira lero

Kwa milungu iwiri kapena itatu, osamenya ndi mphamvu. Kukankha kampira pansi kolowetsa m'dzenje mungapitirize kwa mphindi 10, osapitirira, chifukwa kuwerama nthawi yaitali kumautsanso msana. Musagone pabedi tsiku lonse, msana umachira munthu akuyenda. Kuntchito, pa nthawi iliyonse yopuma tsikani, imani, yendani pang'ono.

Tsiku lililonse chitani zitatu izi pamphasa. Gonani chagada mawondo opinda, kwezani matako mpaka thupi liwongoke, gwirani masekondi 5, ka 12. Gwadani manja ali pansi, wongolani mkono wakumanja ndi mwendo wakumanzere nthawi imodzi osapendeketsa chiuno, masekondi 8, kasanu mbali iliyonse. Gonani cham'mbali mutatsamira pamkono, mawondo opinda, nyamulani chiuno, masekondi 10 mpaka 20, katatu mbali iliyonse, ndipo chigongono chodwalacho chikadandaula chitani mbali imodzi kaye. Onjezani kutembenuka ndi mpini kuja, ka 10 uku ndi uku. Zonsezi sizidya mphindi 15.

Pa mankhwala, panado ndi wokwanira kwa ambiri, osapitirira magalamu 4 pa tsiku, ndipo achepe kwa amene amamwa mowa. Ibuprofen ndi diclofenac amathandiza masiku ochepa, koma kumwa amenewa n'kukagwira ntchito padzuwa thupi lilibe madzi kumawononga impso, ndipo sayenera kwa wodwala zilonda zam'mimba kapena wa BP yokwera. Jakisoni wa steroid pachigongono amachotsa ululu kwa milungu ingapo, koma kafukufuku waonetsa kuti pakatha chaka obayidwa sachira bwino kuposa osabayidwa, ndipo vuto limawabwerera kawirikawiri. Kutema mphini sikufika pa mtsempha umene uli pa fupa, ndipo lezala logawana lili ndi zoopsa zake. Ngati mwamwa posachedwa mankhwala a ciprofloxacin, muuzeni dokotala, chifukwa amafooketsa mitsempha yotere.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, monga ku Hospital Provincial de Tete, ngati ululu wa msana watsagana ndi dzanzi pakati pa miyendo, kulephera kukodza kapena kudziletsa, kapena mwendo kufooka phazi n'kumakhwekhwereka. Pitaninso msanga ngati ululu ukutsikira kunsi kwa bondo, ukukudzutsani usiku osasintha ngakhale mutembenuke bwanji, kapena ngati mukuwonda, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku. TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo m'madera athu ano si yachilendo. Ululu wa mbali imodzi wotsagana ndi magazi mu mkodzo ndi nkhani ya impso kapena likodzo, si ya gofu. Pa msinkhu wanu yezetsaninso BP ndi shuga. Ululu ukapanda kusintha pakatha milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, pemphani kuonana ndi a fizo, akatswiri ochiza ndi masewera olimbitsa ziwalo.

Pobwerera, muyambe pamene mungathe kugwira chanza mwamphamvu ndi kuvala nsapato popanda ululu. Mlungu woyamba timipira 20 mpaka 30, ndodo zazifupi zokha, kukweza theka, kudumphitsa tsiku. Mlungu wachiwiri 40, kufika pa ayironi 7, ndodo yachitsulo yapakatikati. Wachitatu 50, ndipo driver ilowe kumapeto, osapitirira ka 10. Mukadzuka ululu utakula, bwererani pa mlingo wa mlungu wapitawo. Ngakhale mutachira, 60 pa tsiku, katatu pa mlungu, n'zokwanira, ndipo pakati pa kampira ndi kanzake pazipita masekondi 30. Kulipira mphunzitsi wa pa kalabu maulendo awiri kapena atatu n'kotchipa kuposa miyezi ya mankhwala.

Musanamenye kampira koyamba, mphindi 10 zikhale zotenthetsa thupi: kuyenda mwandawala, kugwedeza miyendo kutsogolo ndi m'mbali, kunjuta ka 10, kutembenuka ndodo ili pamapewa, kenako kuzunguza ndodo pang'onopang'ono popanda kampira, ka 10 kumanja ndi ka 10 ngati wamanzere kuti mbali inayo ilaweko. Pothawa dzuwa mudzafuna kuyamba m'bandakucha, koma dziwani kuti tizitsamiro ta pakati pa mafupa a msana timamwa madzi usiku ndipo timakhala tofufuma ola loyamba munthu akadzuka, nthawi imene kuwerama ndi kupotoka kumavulaza msanga. Dzukani ola lathunthu musanagwire ndodo. Chimodzimodzi pa ulendo wa ku Blantyre: mukakhala m'galimoto maola angapo kudzera pa Zóbuè ndi Mwanza, musatsike n'kuthamangira pa dzenje loyamba ndi driver m'manja. Ngati n'kotheka fikani dzulo lake, ndipo tsiku loyambalo sewerani maenje 9 okha.